Pepala ndi penti m'wodi ya ovulala msana: a art therapy amagwira ntchito yanji?

Msuweni wanga anali wa kabaza wa njinga yamoto. Zaka ziwiri zapitazo, madzulo ena akuchokera kotula kasitomala, galimoto inamuomba cham'mbali iye n'kugwera chagada m'ngalande ya simenti. Mutu unapulumuka chifukwa anali ndi helemeti. Msana ndi umene unathyoka, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika mpaka kuzala za kumapazi, samva kanthu mpaka lero.

Ine ndinali gadiyani wachiwiri, wosinthana ndi azakhali, popeza nthawi imeneyo ndinali ndikungokhala pakhomo, za ku yunivesite zitaima chifukwa cha fizi. Kutembenuza wodwala, kukhuthula thumba la mkodzo, kuchapa zofunda, zonsezo ndinazolowera sabata yoyamba yomwe. Chimene sindinazolowere ndi chete wake uja. Munthu wolongolola, woti pa siteji ankaseketsa anzake tsiku lonse, anangoti zii. A mafizo akabwera, iye maso kudenga. Ndikati, "Aise, tadyako pang'ono," yankho linali limodzi: "Ndakhuta."

Tsiku lina anatenga cholembera changa n'kuyamba kukhwatchakhwatcha kuseri kwa katoni ya sopo. Anajambula njinga yake ija, magalasi ake, sitika ya pa thanki, chilichonse. Koma pamwamba panalibe munthu. Ndinafunsa mwanthabwala, "Nanga dalaivala ali kuti?" Iye anati, "Anatsala pamsewu paja." Ndinaseka chifukwa cha mantha, n'kuyambitsa nkhani ya mpira.

Patapita nthawi ndi pamene ndinadziwa kuti m'zipatala zina za anthu ovulala msana mumakhala munthu amene ntchito yake ndi kuima pa mphindi ngati imene ija, osathawa ngati mmene ndinachitira ine. Amamutchula kuti art therapist. Nkhani ya lero ndi ya munthu ameneyu.

Chimawonongeka n'chiyani msana ukathyoka?

Mafupa a msana anasanjikizana kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa, 5 a m'munsi, kenako ena olumikizana a kuchiuno. Pakati pawo pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa chingwe chofewa cha mitsempha chimene azachipatala amati spinal cord. Kwa munthu wamkulu n'chotalika pafupifupi masentimita 45, kunenepa kwake ngati chala chaching'ono. Uthenga wochokera ku ubongo kupita kumiyendo, ndi wochokera kumiyendo kubwerera ku ubongo, umadutsa mmenemo. Chingwechi chikaphwanyika zimakhala ngati mlatho wa pa M1 wakokoloka: magalimoto ali bwinobwino tsidya lino ndi tsidya ilo, koma katundu sakuwoloka.

Malo amene wavulala ndi amene amanena zambiri. Chikaphwanyika m'khosi, manja ndi miyendo zonse zimakhudzidwa, ndipo amati tetraplegia. Chikaphwanyika m'munsi mwa khosi, manja amatsala koma miyendo imafa, amati paraplegia. Ena chingwecho chimawonongeka mbali chabe, ndiye amatsalako ndi mphamvu kapena kumva pang'ono. Si ngozi za pamsewu zokha ayi. Kugwa mumtengo wa mango kapena padenga, kudumphira chamutu m'madzi osaya, kubayidwa, ngakhalenso TB ya m'mafupa a msana, zonsezi zimatha kupha ziwalo.

Ambirife timangoganiza za kuyenda. Koma mitsempha yomweyi ndi imene imalamulira chikhodzodzo, matumbo ndi za m'banja. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, amapezeka kuti sakudziwa nthawi imene wadziyipitsira. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu oposa 15 miliyoni amene ali ndi vutoli, ndipo mu 2013 linanena kuti pa anthu 100 alionse ovulala chonchi, 20 mpaka 30 amaonetsa zizindikiro zenizeni za matenda okhumudwa.

Nambala imeneyi musaione ngati ya maganizo chabe. Munthu wakufa ziwalo amafunika kusintha kagonedwe pafupipafupi, kudzinyamula pa wilitcheya kuti magazi ayende m'matako, kuyang'ana khungu tsiku lililonse, kusamala paipi ya mkodzo, kumwa madzi okwanira. Amene wataya mtima amasiya zonsezi. Zotsatira zake ndi zilonda za pabedi ndi matenda a njira ya mkodzo, ndipo ziwirizi zimapha. Ndiye kusamala mtima wa wodwala si zapamwamba zoti n'kudikira ndalama zikatsala. Ndi mbali ya kumusunga ndi moyo.

Art therapist ndi ndani kwenikweni?

Si mphunzitsi wa zojambula, komanso si munthu wobwera kudzasangalatsa odwala kuti nthawi ipite. Ndi katswiri wa thanzi la maganizo amene anaphunzira zinthu ziwiri: luso la zojambula ndi uphungu. M'malo modalira kucheza kokha, amagwiritsa ntchito pensulo, penti, dongo, zithunzi zodula m'magazini, nsalu, ngakhale kamera ya foni. Ku Britain dzinali ndi lotetezedwa ndi lamulo: sungadzitchule art therapist usanamalize digiri ya masters ya ntchitoyi ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira azaumoyo la HCPC.

Dzinali linayambira pabedi la wodwala. Adrian Hill, wojambula wa ku Britain, anadwala TB n'kugonekedwa ku Midhurst. Ali chigonere anayamba kujambula zinthu zomuzungulira ndipo anaona kuti zikumupepuza mtima. Kenako anayamba kuchita zomwezo ndi odwala anzake. Mu 1942 anayamba kugwiritsa ntchito mawu oti art therapy, ndipo mu 1945 anatulutsa buku lakuti Art Versus Illness. Bungwe la akatswiriwa ku Britain linakhazikitsidwa mu 1964, la ku America mu 1969.

M'zaka zomwezo, chisamaliro cha ovulala msana nachonso chinkasintha. Kale ambiri ankamwalira pasanathe nthawi yaitali chifukwa cha zilonda ndi matenda a mkodzo aja. Mu 1944 Dr Ludwig Guttmann, Myuda amene anathawa ulamuliro wa Nazi ku Germany, anatsegula malo a ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Analamula kuti odwala azitembenuzidwa maola awiri alionse, usiku ndi usana. Koma sanalekere pa khungu. Ankafuna kuti munthu akhale ndi chodzukira m'mawa, ndiye anabweretsa ntchito zamanja ndi masewera. Mu 1948 odwala 16 anapikisana kuponya mivi pa chipatalapo, ndipo mpikisano umenewo ndi umene unadzabala masewera a Paralympics, oyamba ku Rome mu 1960. Maganizo oti wodwala ndi munthu wathunthu, osati msana wokha, ndi amene anatsegula khomo loti anthu ngati art therapist alowe m'wodi.

Nanga amapanga chiyani akalowa?

Choyamba, amapereka njira yolankhulira pamene pakamwa pakanika. Pali zinthu zimene mwamuna wa zaka 26 sangauze mayi ake: kuti akuchita manyazi kusambitsidwa, kuti akuopa kuti mkazi wake amuthawa, kuti nthawi zina amalakalaka akanangofera pamsewu pompo. Papepala zimatuluka mosavuta, chifukwa munthu amalankhula za chithunzi, osati za iye mwini. Katswiriyu samasulira chithunzi ngati womasulira maloto, eti mtundu wofiira ndiye kuti wakwiya. Amafunsa mwiniwake: tandiuze za ichi, munthu uyu akupita kuti, bwanji mbali iyi palibe kanthu. Kenako amadikira. Amakumana kawirikawiri kamodzi pa sabata, pafupifupi ola limodzi, ndipo zokambidwazo ndi zachinsinsi, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pachiswe.

Chachiwiri ndi kuyanjanitsa munthu ndi thupi lake. Wovulala msana amaona miyendo yake koma saimva, ndiye imakhala ngati katundu wa wina amene amusungitsa. Njira imodzi ndi yojambula mzere wa thupi lonse papepala lalikulu, munthu n'kumapaka mitundu: apa ndimamva, apa sindimva, apa pamawotcha, apa ndimadana napo, apa ndikadali ine. Kujambula mapu a thupi kotereku kunatchuka kwambiri ku Cape Town cha mu 2002, pamene amayi a gulu la Bambanani amene anali ndi HIV anajambula matupi awo mothandizidwa ndi Jane Solomon. Chithunzi chotere chimathandizanso adokotala. Ululu wa mitsempha ndi wovuta kufotokoza, chifukwa umatha kumveka ngati moto kapena magetsi pa mwendo umene sumva n'kutsinidwa komwe. Munthu akaupaka papepala, namwino amaona pamene uli ndi kukula kwake.

Chachitatu ndi ufulu wosankha. M'wodi zonse amakusankhira: nthawi yodzuka, yotembenuzidwa, yobayidwa, ngakhale yopita kuchimbudzi. Papepala, bwana ndi wodwala. Akafuna lakuda lokhalokha, ndi lakuda. Akafuna kuling'amba, along'amba. Kwa ife oyenda zimaoneka zazing'ono, koma kwa munthu amene wakhala miyezi itatu akungochitiridwa, kunena kuti "ichi ndapanga ndine" ndi poyambira kudzikhulupiriranso.

Chachinayi ndi manja, ndipo apa amagwira limodzi ndi occupational therapist, katswiri wophunzitsa munthu kudya, kuvala ndi kusamba payekha. Munthu wovulala pa C6, ndiye kuti chakumunsi kwa khosi, zala sizigwira, koma amatha kukweza dzanja polumikizira ndi mkono, ndipo akatero zala zimapindika zokha n'kutsina chinthu pang'ono. Kugwira bulashi yonenepa ndi njira yoyeserera kagwiridwe kameneka. Palinso kalamba kovala pachikhatho kokhala ndi kathumba, kolowetsamo bulashi lero, supuni kapena mswachi mawa. Amene manja sagwiriratu amagwiritsa ntchito kamtengo koluma ndi mano, ndipo masiku ano pali makompyuta otsatira maso. Kukweza mkono ka 50 chifukwa a mafizo anena kumatopetsa. Kukweza mkono ka 50 chifukwa ukufuna kumaliza kupaka thambo, umangozindikira ola latha.

Chachisanu ndi gulu. Odwala akakhala patebulo limodzi, aliyense ndi pepala lake, nkhani zimayamba zokha. Amene wavulala mwezi watha amaona amene watha chaka akuseka, akutsegula botolo la penti ndi mano, ndipo amaphunzira zimene dokotala woyenda ndi miyendo iwiri sangamuphunzitse. Nthawi zina amaitananso mkazi, mwamuna kapena ana, chifukwa mwana amene akuopa wilitcheya ya bambo ake savutika kukhala nawo pafupi akamajambula limodzi.

Ndipo popeza ali m'gulu la azachipatala, art therapist amayenera kudziwa zoopsa za thupi. Amakumbutsa wodwala kudzinyamula pampando, chifukwa munthu akatengeka ndi chithunzi amaiwala matako. Amadziwanso kuti kwa wovulala pa T6 kapena kumtunda kwake, mutu ukayamba kuwawa mwadzidzidzi ndi thukuta kumaso, mwina BP yakwera moopsa chifukwa chikhodzodzo chadzaza kapena paipi yatsekeka. Zikatero penti amaika pansi, n'kuitana namwino msangamsanga.

Awiri amene anajambula ali chigonere

Frida Kahlo wa ku Mexico anali ndi zaka 18 pamene basi imene anakwera inachita ngozi mu 1925. Mafupa a msana ndi a m'chiuno anathyoka. Iye anadzayendanso, koma ululu sunamusiye moyo wake wonse. Ali pabedi, makolo ake anamukonzera poikira chojambula chake ali chogona, ndi galasi pamwamba kuti azidziona. Mu 1944 anajambula The Broken Column: thupi lake long'ambika pakati, m'malo mwa msana muli chipilala chosweka, misomali ili thupi lonse, misozi ili m'masaya, koma maso ali gwa kuyang'ana iwe. Ngati mukufuna kudziwa mmene ululu wa msana umamvekera, sakani chithunzi chimenechi.

Joni Eareckson Tada wa ku America anali ndi zaka 17 mu 1967 pamene anadumphira m'madzi osaya ku Chesapeake Bay n'kuthyoka khosi. Iye mwini sabisa kuti anakhumudwa mpaka kufuna kufa. Ali kuchipatala chophunzitsira moyo watsopano anaphunzira kujambula ndi bulashi yoluma ndi mano, ndipo pambuyo pake anadzakhala wolemba mabuku ndi womenyera ufulu wa anthu aulumali.

Koma tisasokoneze. Awiriwa anatchuka, pamene cholinga cha art therapy si kutulutsa akatswiri kapena zithunzi zogulitsa. Zambiri zimene zimajambulidwa m'zipinda zimenezi ndi mizere yokhotakhota yoti simungaipachike pakhoma. Sizilumikizanso chingwe chophwanyika chija. Wina akakuuzani kuti penti, mankhwala a mubotolo kapena china chilichonse chidzutsa munthu wophwanyika spinal cord pa sabata ziwiri, gwirani chikwama chanu. Art therapy silowa m'malo mwa opaleshoni, mafizo kapena mankhwala. Kafukufuku wake pa ovulala msana ndi wa magulu ang'onoang'ono, ndipo pali odwala ena amene safuna n'komwe kuona pepala. Amenewo sakakamizidwa.

Kwathu kuno titani?

Malo othandiza ovulala msana alipo. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha. Ku Bangwe kuli fakitale yowomba nsalu imene inayambitsidwa ndi MACOHA, kumene anthu aulumali amagwira ntchito zamanja, ngakhale kumeneko ndi ntchito yopezera ndalama, osati chithandizo cha maganizo. Koma miyezi ya kuchipatala ndi yochepa. Zaka zotsalazo munthu amakhala kunyumba, m'manja mwa mayi, mkazi, mlongo kapena mnzake. Ndiye kuti ife tomwe.

Ife si akatswiri, ndipo kugula makrayoni sikutisandutsa art therapist. Komabe pali zimene tingabwereke. Musiyireni kope ndi pensulo pafupi, osamuuza chojambula. Ngati zala ndi zofooka, kulungani pensuloyo ndi kansalu kapena siponji kuti inenepe. Makala, dongo la kudambo, nyuzipepala zakale ndi tizidutswa ta kwa telala, zonsezi ndi zipangizo. Akajambula, musathamangire kunena kuti "chakongola" kapena "bwanji ukujambula zachisoni". Nenani kuti, "Tandiuze za chimenechi," kenako tsekani pakamwa. Mawu aja oti "limba mtima, ndiwe mwamuna" amatseka chitseko chimene munthu wavutika kutsegula.

Ndipo inu a pa Facebook ndi TikTok, chonde: chithunzi cha wodwala, kapena chimene wajambula, si content. Musaponye iye asanavomere, ngakhale mutati mukupempha thandizo. Akayamba kulankhula kapena kujambula zofuna kudzipha, imeneyo si nkhani yosunga pakati pa awiri. Uzani namwino, dokotala kapena mlangizi tsiku lomwelo, ndipo musamusiye yekha.

China, popeza ambirife ndi amene timayamba kufika pa ngozi. Munthu akamadandaula khosi kapena msana, kapena akati sakumva miyendo, musamukhazike tsonga, musamukokere m'mbali ndi mikono, musamupinde kumpando wa kumbuyo kwa galimoto ngati thumba la chimanga. Mutu, khosi ndi msana zikhale mzere umodzi. Ngati palibe kuchitira mwina koma kumunyamula, mukhale angapo, mumugoneke pa chinthu cholimba ngati chitseko. Foni yojambulira video idikire.

Katoni ya sopo ija ndinaisunga. Patatha miyezi ingapo msuweni wanga atatuluka, ndinapita nayo kwawo pamodzi ndi kope la hardcover ndi mapensulo awiri. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi wilitcheya yake n'kunena kuti, "Aise, tsiku lija ndinathawa. Tandiuze za dalaivala uja." Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinafuna kuyambitsanso za mpira, koma ndinadzigwira. Kenako anayamba. Njinga ija inali ya ngongole, ndipo anali atatsala ndi miyezi inayi kuti ikhale yake. Usiku sankagona, ankamvetsera ngati mlamu akulongedza zovala. Mwana wake wamng'ono ankakana kumukhala pamiyendo. Azakhali anali kuseri kwa chitseko, anamva zonse, ndipo madzulo ake anandiuza kuti, "Mwana wanga, chivulalireni sindinamumvepo akulankhula chonchi."

Miyendo sinabwerere. Masiku ena amadzuka bwino, ena ayi. Mlamu sanapite kulikonse. Kope lija lili pafupi kudzaza, ndipo masamba ena amandionetsa, ena amati si anga. Sabata yatha anandituma penti yobiriwira, ati akufuna kulemba dzina la siteji yawo kumbuyo kwa wilitcheya.